Siteshoni ya Kambulatsitsi: sitima zachuluka, koma yathu ndi iti?

Wakumalire_Zobwe
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Kodi siteshoni ya Kambulatsitsi ntchito yake ndi chiyani masiku ano? Makolo athu akamaikamba amachita ngati panali tauni, koma ukafikapo umangoona sitima za malasha zikudutsa usana ndi usiku, ya anthu yokha ndiyo yoidikira masiku. Kwa ife a ku Zobwe imeneyi ndiyo siteshoni yapafupi, komabe kabichi, tomato ndi kachewere zonse zimayenda pa galimoto. Anaimangiranji pamalo pamenepaja, nanga inafa liti? Kapena sinafe, ndife amene sitikudziwa kuidyerera?

Kabaza_Mussacama
Sinafe mano, inangosintha eni ake. Kale inali ya anthu, lero ndi ya malasha.

Mphunzitsi_Domwe
A Kabaza, apo ndiye ndikutsutsani. Njanji imeneyi sinakhalepo ya anthu chiyambire, anthufe tinkangokwera nawo. Tiyambire kumunsi kuti zimveke bwino. Njanji yoyamba m'chigwa cha Zambezi anaimangira Nyasaland, osati Tete. Angerezi ankafuna potulutsira fodya, tiyi ndi thonje kupita kunyanja, ndiye anaitsitsa kuchokera ku Blantyre kudzera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, mpaka ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi. Tsidya linalo kampani ya Trans-Zambezia Railway inatsegula njanji yochokera ku Dondo kukafika ku Murraça mu 1922. Pakatipa panalibe mlatho. Katundu ankamutsitsa m'mabogi, kumuwolotsa pamadzi, n'kumukwezanso, ndipo mtsinje ukaphwa m'chilimwe zonse zinkakakamira. N'chifukwa chake anamanga mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita 3.67, sitima n'kuyamba kuwolokapo mu 1935.

Yathuyi ndi nthambi yobwera pambuyo. Kuchokera ku Dona Ana kukafika ku Moatize ndi makilomita 254, inatsegulidwa mu 1949, ndipo chomwe ankalondola ndi malasha basi. Umboni wake suli patali: njanji imathera pa Moatize. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wa makilomita 20 okha, koma mpaka lero sitima sinafikeko. Munthu woganizira anthu angalekeze njanji pa mgodi n'kusiya likulu la chigawo?

Nthawi imeneyo Kambulatsitsi pa mapu inkalembedwa Caldas Xavier, dzina la msilikali wa Chipwitikizi amene anamenya nkhondo kum'mwera, cha ku Marracuene, m'zaka za m'ma 1890.

Chingale_Mpaka_Kale
Aphunzitsi, Tete ali kutsidya kwa Zambezi, mwaiwala? Sitima ikanawolokera pati? Ngakhale mlatho wa magalimoto, uwu wa Samora Machel, unatsegulidwa mu 1973. Ndipo musamangowada Apwitikizi pa chilichonse, Dona Ana yemweyo anamanga ndi iwowo.

Mphunzitsi_Domwe
Matundo ali tsidya lino achimwene, ikanangowoloka Revubwe. Anthu oti anadula Zambezi ndi mlatho wa makilomita oposa atatu akanagonja ndi Revubwe? Za Dona Ana, anamanga ndi kampani ya ku England yotchedwa Cleveland Bridge, ndipo ngongole yake inalemetsa boma la Nyasaland zaka zambiri. Apwitikizi anapereka malo, thukuta linali la agogo athu.

Chingale_Mpaka_Kale
Amange ndani amange ndani, mlatho uli kwathu.

Jere_wa_Ulongwe
Thukuta limenelo musalidutse msanga aphunzitsi. Agogo anga aamuna sanapite ku njanji mofuna. Masipayi ankafika kwa nyakwawa ndi chiwerengero cha amuna ofunika, nyakwawa n'kuloza makomo. Miyezi isanu ndi umodzi ya chibalo, wothawa akagwidwa inali mbalamatodya mpaka manja kutupa. Ambiri kwathu kuno ankangodumpha malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena mpaka ku Salisbury, kusiya minda ndi akazi. Agogowo ankati khasu ndi piki sizinali kanthu, chowawa chinali kutentha. Munthu wobadwira m'chisanu cha Angónia kumutsitsira ku Doa mwezi wa Okutobala, madzi akumwa a m'zithaphwi, malungo osaneneka. Ena sanabwerere, ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Chibalo anachithetsa papepala mu 1961, njanji itatha kalekale. Ndiye ine ndikamva wina akuti njanjiyi si yathu magazi amandiwira. Ndi yathu, tinalipira kale.

Mwana_wa_Agulyeru
Wawa a Jere. Ndiyankheko funso la a Wakumalire lakuti anaimangiranji pamenepaja, poti bambo anga anali agulyeru pa mzere umenewu nkhondo isanautseke, ndipo ine ndinakulira m'nyumba za njanji.

Njanji yathu ndi ya mzere umodzi. Sitima yochokera ku Moatize ndi yochokera ku Mutarara sizingadutsane paliponse, ina iyenera kupatuka n'kudikira inzake. Ndiye pakapita kamtunda ankaika malo opatukira, ndipo malo oterowo amafuna anthu. Pankakhala shefi wa siteshoni, amene ankayamba walankhula pa lamya ndi siteshoni yakutsogolo asanalole sitima kunyamuka. Pankakhala agulyeru wokhotetsa njanji ndi manja, masana mbendera, usiku nyali. Pankakhalanso kapitawo ndi gulu lake loyenda pansi kuona ngati mabawuti amasuka kapena mvula yakokolola miyala. Chachiwiri ndi madzi. Sitima za nthawi ija zinali za moto, zinkamwa madzi ambiri zedi, ndiye zinkaima pa thanki, uku wina akukokolola phulusa, wina akuthira mafuta m'mawilo.

Tsono nkhani yagona apa. Sitima ikaima, anthu amatsika. Mayi anga ankagulitsa chimanga chootcha, mazira owiritsa ndi masawu pa mawindo. Wina ankabwera ndi nkhuku, wina ndi malambe, wina kudzalandira kalata kapena mwana wochokera kusukulu ku Beira. Antchito a njanji ankalandira pakutha pa mwezi, ndiye wa kantini anatsegula kantini yake, telala anabweretsa makina ake pakhonde. Tauni imene makolo anu amakamba ija inamera pa mphindi zomwe sitima inkaima.

Lero mutu wa sitima ndi wa dizilo, sufuna thanki. Makinishita amalankhula pa wailesi ndi ofesi yomwe ili kutali. Sitima ikapatuka kudikira inzake ilibe windo loti mugulitsirepo dzira, ndi mabogi a malasha okhaokha. Sitima zachuluka kuposa nthawi ya bambo anga, koma zoima n'kutsitsa munthu ndi zowerengeka.

NaPhiri_Moatize
Achimwene mwandikumbutsa kutali ndi masawu a pa windo. Wogula ankayamba kudya ndalama asanapereke, sitima n'kunyamuka, mayi wogulitsa akuthamanga m'mbali chitenje chili m'manja.

Mwana_wa_Agulyeru
Mayi anga ankati ndalama kaye, achemwali. Anawaphunzitsa ndi anthu a ku Sena.

MayiWaKachewere_Tsangano
Mbiri ndamva, zikomo, koma ine ndiyankha ngati wamalonda. Ndikati nditumize pa sitima, thumba langa likwera kangati? Kumunda likwere ngolo mpaka pamsewu. Pamsewu likwere galimoto kutsika mpaka pa Madamba, n'kukhotera msewu wafumbi uja wa ku Mutarara, womwe m'dzinja ngakhale madalaivala olimba mtima amaukana. Pa siteshoni litsike, lidikire sitima yomwe siibwera tsiku lililonse, padzuwa la kumunsi kuja. Ku Beira litsikenso, ndisake galimoto ina yopita ku Maquinino. Paliponse pomwe latsika pali wonyamula woti ndimulipire, ndipo kachewere wina wasupuka. Kaminyau ndimakweza kamodzi, ndikatsitsira pamsika, kaya pa Kwachena ku Tete kaya ku Beira komweko. Ndi yodula inde, koma kachewere wa ku Tsangano sapirira kutentha. Akagona padzuwa la ku Kambulatsitsi ndigulitsa madzi onunkha.

Dalaivala_N7
Mayi anena zoona. Tisiyireni ntchito yathu, ana athu nawonso amadya.

Kabaza_Mussacama
Inu a N7 musadzichemerere, maenje onse a msewu wa Zobwe mwakumba ndinu.

Dalaivala_N7
Maenje akukumba ndi katundu woyenera kuyenda pa njanji mano: mafuta, feteleza, simenti, makontena a ku Malawi. Ine ndimanyamula kabichi. Kabichi anakumbapo dzenje liti?

Othawa86
Funso lakuti inafa liti palibe wayankha. Inafa ndi nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 sitima zinayamba kutcheredwa mabomba ndi kuwomberedwa m'njira, mpaka cha mu 1983 ulendo wa ku Beira unatheratu. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa, zigawo zina n'kugwera m'madzi. Chaka chomwecho ife tinathawira ku Malawi, tinakakhala ku msasa wa Chifunga.

Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera, ndipo ndinapita kukaona abale cha kumeneko. Pakati pa njanji panali patamera mitengo yoti munthu n'kupumulapo pamthunzi. Nyumba za njanji zopanda madenga, zitseko anthu anasonkhera moto. Kuyenda m'mbali mwa mzere unkachita kuponda pomwe waponda mnzako, kuopa mabomba okwirira. Zitsulo zina amisiri anasula makasu ndi nkhwangwa, ndipo ine sindingawaweruze, nanga munthu wabwera manja lendelende alime ndi chiyani?

Mlatho uja anaukonza mu 1995 koma kuti pazidutsa magalimoto, mbali imodzi ikuwoloka ina ikudikira. Anautseka mu 2006 kuti ubwerere ku sitima. Werengani nokha: mwana wobadwa mu 1983 anafika pokwatira asanaonepo sitima ikuyenda pa Kambulatsitsi. Pamenepo mpamene amalonda anazolowera kaminyau ndi chapa, misika n'kusamukira m'mbali mwa msewu wa tara. Njanji itabwerera inapeza anthu anatembenukira kwina.

Kota_wa_Songo
Nkhondo yoyamba ija musaiiwale. Damu la Cahora Bassa litayamba kumangidwa mu 1969, simenti ndi makina olemera zinkabwera pa njanji yomweyi mpaka ku Moatize, kenako pa malole kukwera ku Songo. Frelimo inadziwa kuti mtsempha wa damu ndi umenewu, ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mabomba sankasowa pa mzere. Apwitikizi anaika asilikali m'masiteshoni ang'onoang'ono, Caldas Xavier pomwepo, anthu a m'midzi n'kuwasonkhanitsa m'maaldeamento, midzi yokakamiza yolonderedwa ndi asilikali. Akuluakulu ena akamati panali tauni, mwina akukumbukira khamu la nthawi imeneyo, lomwe silinabwere lokha.

Mwana_wa_Agulyeru
A Kota, zonse ziwiri zinalipo. Msika wa pa windo unayamba asilikali asanabwere.

Chingale_Mpaka_Kale
Chomwe njanji inasiyira dziko lino chenicheni ndi mpira. Ferroviário da Beira anatenga Moçambola mu 2016 ndi mu 2023. Nampula ali nayo Ferroviário, Maputo ali nayo, Nacala ali nayo.

Kota_wa_Songo
Songo tinatenga mu 2017 ndi 2018 motsatizana, popanda ngakhale bogi imodzi. Nanga Chingale wanuyo chikho chake chili kuti?

Chingale_Mpaka_Kale
Ndalama za magetsi zimenezo a Kota, musatinyadire.

Woyang'anira_Gulu
Za mpira kuli gulu lake abale. Tibwerere ku njanji.

Injiniya_Matundo
Ndipitirize pomwe alekezera a Othawa86. Ntchito yokonzanso mzere wa Sena, uwu wochokera ku Beira kufika ku Moatize, inaperekedwa mu 2004 kwa makampani awiri a ku India, Rites ndi Ircon, mogwirizana ndi CFM, kampani ya boma ya njanji ndi madoko, ndalama zambiri zinali ngongole ya World Bank. Ntchito inachedwa, boma linawalanda mu 2011, CFM n'kutenga yokha. Chaka chomwecho mu Ogasiti sitima yoyamba ya malasha a Vale, kampani yomwe inkakumba mgodi ku Moatize, inayenda makilomita 575 kuchokera ku Moatize kukafika ku Beira. Aphunzitsi sananame, chomwe chinaiukitsa ndi chomwe chija chinaibereka mu 1949.

Koma mzere wa Sena sunachedwe kuonetsa kufooka kwake. Mu Febuluwale 2013 mvula inakokolola njanji cha ku Doa, malasha n'kuima milungu ingapo. Mu 2016 sitima zinawomberedwa ku Sofala. Apo n'kuti njira yachiwiri itayambika kale, ndipo njira imeneyo imapatukira pa Kambulatsitsi pomwepa. Imalowa m'Malawi m'boma la Chikwawa cha kwa Chapananga, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka, kenako Nayuchi, Cuamba, Nampula, kukathera ku doko la Nacala-a-Velha. Yonse ndi makilomita 912, ndipo anaitsegulira mwamwambo mu Meyi 2017. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ina yotchedwa Vulcan.

Ndiye a Wakumalire, kwa anthu a njanji Kambulatsitsi lero ndi yofunika kuposa kale lonse. Ndi mphambano ya madoko awiri, kumanja Beira, kumanzere Nacala. Kungoti kufunika kwakeko sikudutsa m'thumba mwa munthu wokhala pamenepo. Sitima ya ku Nacala imakoka mabogi 120, kutalika kupitirira kilomita. Kuimitsa chinthu chotere ndi kuchinyamutsanso ndi dizilo wambiri, komanso kumbuyo kwake kukubwera ina yomwe nayo ili ndi nthawi yake. Palibe angaiimitse chifukwa cha matumba makumi awiri a nyemba.

NaPhiri_Moatize
Ndiye kuti ife tili ngati mwana wa wophika pa ukwati, nyama ikungodutsa pamphuno, mbale yake ili gwa.

Nachisale_Furancungo
A Injiniya, nanga pobwerera? Mabogi onse aja amabwera opanda kanthu kuchokera ku Nacala. Feteleza amatera pa doko, ife kuno timamugula modula chifukwa cha thiransipoti. Bwanji osangomuponyamo?

Injiniya_Matundo
Funso labwino achemwali, koma mabogi ake ndi ena. A malasha ndi osavindikira, ndipo ku doko sawatsitsa ndi manja, makina amagwira bogi n'kuigadabuza. M'kati mwake ndi fumbi lakuda lokhalokha. Feteleza akanyowa ndi mvula watha, chimanga chikalowamo palibe angachigule. Komanso sitima imeneyi phindu lake lili pa kuzungulira msanga, ikangokhuthula ibwerere kukatenga ena. Kuikweza matumba ndiye kuti igone pa doko. Feteleza amafuna mabogi otseka, sitima yakeyake, ndi potsitsira pokhala ndi denga. Zimenezo n'zotheka pa njanji yomweyo, koma pamafunika wina woti aitanitse katundu wochuluka nthawi imodzi.

Mlembi_wa_Bairu
Mukukamba za mabogi ngati anthu a m'mbali mwa njanji sanalankhulepo. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi utseguke, oposa 700 mwa iwo anapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Anadandaula za nyumba zong'aluka, minda yamiyala ndi madzi, makalata analemba. Pa 10 Januwale 2012 anakakhala pa njanji, sitima ya malasha n'kuima. Apolisi anabwera ndi mphamvu, ena anamangidwa, koma pambuyo pake mpamene nyumba zinayamba kukonzedwa. Makalata aja anayankhidwa ndi njanji.

Woyang'anira_Gulu
A Mlembi, mbiri ikambidwe, koma pagulu pano pasapezeke wolimbikitsa kutseka njanji. Sitima yodzaza siima pomwe yaonera munthu.

Mlembi_wa_Bairu
Sindinatume munthu bambo, ndangonena zomwe zinachitika.

MbusaWakale
Poti mwatchula zoti siima, ine ng'ombe zanga zinagundidwa chaka china pobwera kumadzi. Dambo lili tsidya lina la njanji, khola tsidya lino, powolokera povomerezeka pali kutali moti ng'ombe ikafika yamvanso ludzu. Nditapita kukadandaula anandiuza kuti ng'ombe ndiyo inalakwa, ndithokoze kuti sakundilipiritsa. Koma choopsa kuposa ng'ombe ndi ana. Sitima ikaima kudikira inzake imatseka njira yonse, ana a sukulu akatopa kudikira amakwawira pansi pa mabogi. Ikanyamuka siichenjeza wa kumchira. Ine siteshoni yokongola sindikuifuna, ndikufuna powolokera.

NaPhiri_Moatize
Zimenezo makolo tiziwauza ana tsiku ndi tsiku. Bola kuchedwa kusukulu.

Jere_wa_Ulongwe
Ine changa n'chimodzi a Injiniya. Chakudya cha chigawo chino chimachokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Fodya yense wopita ku fakitale ku Tete amatsika pa msewu wa Mussacama. Bwanji osadula nthambi kuchokera pa Kambulatsitsi kukwera ku Ulongwe? Malawi anamupatsa makilomita oposa 130 a njanji yatsopano, ife eni malasha ayi?

Injiniya_Matundo
Mapiri, a Jere. Ulongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,200, pomwe Moatize ali m'chigwa. Kaminyau imakwera chitunda chifukwa tayala limagwira tara, koma wilo lachitsulo pa njanji yachitsulo limaterera, ndiye njanji iyenera kukwera pang'onopang'ono, kuzungulira mapiri, kudula matanthwe, kumanga milatho pa khwawa lililonse. Kilomita iliyonse ndalama zake n'zoopsa, ndipo kachewere ndi fodya ndi katundu wa nyengo, sangabweze. Taonani anzathu a ku Malawi: njanji yawo yochokera ku Balaka sinakwere ku Ntcheu boma kapena ku Dedza, inatsata kumunsi, Golomoti, Chipoka mpaka Salima mu 1935, ndipo ku Lilongwe inafika mu 1979. Nawonso anathawa phiri lomweli. Za makilomita a ku Malawi aja, sinali mphatso, inali njira yachidule yopita ku Nacala.

Jere_wa_Ulongwe
Pansi pa Ulongwe patapezeka malasha mawa, phiri limenelo lingasanduke chigwa mwezi umodzi.

Mphunzitsi_Domwe
Apo sindingakutsutseni a Jere. Koma ngakhale malasha sakwanitsa zonse. Njanji ya ku Macuse ku Zambézia yakambidwa zaka zingati, misonkhano, mapu, malonjezo a ntchito, mpaka lero sitima yake palibe waiona.

Mlendo_wa_ku_Nsanje
Ndilowererepo ngati mlendo. Musataye mtima msanga. Nthambi yochokera ku Mutarara kupita ku Vila Nova da Fronteira inagona zaka pafupifupi 40, CFM inaikonza, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira inafika pa Marka kwathu kuno. Anthu anavina.

Kabaza_Mussacama
Ya mafuta. Mwamva? Osati ya anthu.

WakuCuamba_Pano
Koma ya anthu ndi yotheka pa njanji ya malasha, ine ndikuona ndi maso. Ndimagwira ntchito kuno ku Niassa, ndipo pakati pa Cuamba ndi Nampula sitima ya anthu imayenda pa mzere womwewo womwe malasha a kwathu amadutsa. Ikaima pa Malema kapena pa Ribáuè, amayi amathamangira pa mawindo ndi anyezi, tomato, nthochi, zomwe zija akunena a Mwana_wa_Agulyeru. Inachepa maulendo malasha atayamba kuyenda, anthu anadandaula, koma ilipo. Ku Malawi nakonso ya anthu imafika ku Balaka ndi ku Nayuchi. Chigawo chopanda sitima ya anthu ndi ichi cha Kambulatsitsi kulowa Malawi, pomwe abale ali mbali zonse ziwiri za malire, maliro ndi maukwati n'zimodzi. Ine ndikanapempha chimenecho ndisanapemphe nthambi ya ku Ulongwe. Njanji ilipo kale.

Othawa86
Pamenepo pafunika maboma awiri, a migração ndi a kasitomu pa malire a njanji. Tikalamba tikudikira.

Wakumalire_Zobwe
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Ndiye tinene kuti chopempha chenicheni n'chiyani? Pa msonkhano wa ku posto munthu sungaime n'kuyamba za 1922.

Injiniya_Matundo
Zitatu zokha, ndipo zisakhale zamaloto. Msewu wa Madamba ukonzedwe kuti uzidutsika m'dzinja. Powolokera anthu ndi ziweto paikidwe pomwe anthu amawolokeradi. Ndipo pa siteshoni pakhale nyumba yosungiramo katundu ndi kanjanji kapambali koimikapo bogi imodzi yotseka, yoti sitima ya katundu yopita ku Beira izingoikoka podutsa. Koma muiwale kaye kachewere ndi tomato, mayi aja anena kale chifukwa chake. Yambani ndi zosawola: chimanga, nyemba, soya, nandolo. Tiyerekeze bogi ya matani 40, ndiye kuti matumba 800 a makilogalamu 50. Mukapita ku CFM ndi matumba 800 ndi tsiku lake, akumverani. Mukapita ndi mbiri ya agogo, akupatsani mpando ndi madzi akumwa.

Jere_wa_Ulongwe
Mbiri ya agogo musaipepuse choncho, mwana inu.

Injiniya_Matundo
Pepani wawa, sindikuipeputsa. Ndikunena zomwe zimalowa m'kaundula wa ku ofesi.

MayiWaKachewere_Tsangano
Matumba 800 a nyemba Tsangano ndi Domwe angadzaze sabata imodzi, limenelo si vuto. Vuto ndi ili: alembedwa dzina la ndani papepala? Ku Beira akalandira ndani, agulitsa pa mtengo wanji, ndalama zisunga ndani mpaka zifike kwa mwini thumba aliyense? Ife tinayesapo kusonkhanitsa katundu m'gulu lathu la amayi kuti tibwereke kaminyau imodzi, msungichuma anabwerako ndi nkhani yoti mitengo inagwa, mwezi wotsatira anafolera nyumba ndi malata. Gululo linathera pomwepo.

Dalaivala_N7
Ndipo nyemba zimenezo kuti zifike pa siteshoni mudzaitanabe ife.

Nachisale_Furancungo
Masiku ano wogula akhoza kutumiza pa M-Pesa kwa aliyense payekha, msungichuma osagwira kanthu. Chofunika ndi sikelo imodzi yomwe tonse tikuikhulupirira ndi kope lolembamo makilo pamaso pa mwini wake.

MayiWaKachewere_Tsangano
Sikelo ikhale yanga ndiye ndilowa nawo.

Kabaza_Mussacama
Sikelo ya a vendedora? Ayi mayi, ibwere ya ku agricultura, ndipo tiyambe tayesa thumba la shuga la kilo imodzi tonse tikuona.

Wakumalire_Zobwe
Chabwino. Amene ali ndi nyemba kapena soya chaka chino andilembere kumbali, dera ndi matumba angati, ndione ngati tingayandikire 800 tisanavutitse a shefi a posto. A MbusaWakale, nditumizireninso malo enieni pomwe ana amawolokera, zimenezo ndikazinena ngakhale matumba asakwane.